Ezelina ndi kabotolo ka ku nazale

Ku kampu ya alendo ya Chiwale, m'mphepete mwa nkhalango ya Kasungu, kuli mayi wina amene anzake amamutchula kuti Nachule. Dzina lake lenileni ndi Ezelina, mwana wa a Davison, ndipo amene akufuna kuseka dzina la Nachulelo ayambe wamva kumene linachokera. Ambiri amene amalitchula mokweza pamsika wa Lisasadzi sakanaima pamene iye anaima.

Anabadwira pa esiteti ya fodya. Makolo ake anachoka ku Phalombe pa lole yodzaza matenanti iye ali m'mimba, choncho anakulira m'fungo la fodya wa bale. Ana ena akamasewera phada, iye ankakhala pansi pa chigafa akusoka masamba mpaka zala kuda bii ndi utomoni. Kusukulu anapita ndithu, koma nyengo yothyola ikafika yunifomu inkapachikidwa pamsomali. Kwa bambo ake anatengera kusaopa ntchito. Kwa mayi ake anatengera kusalola kutchedwa wauve. Banja limenelo, ngakhale likhale m'kanyumba kaudzu ka eni esiteti, pabwalo pamakhala posesedwa ngati patchalitchi, ndipo zimenezi wina aliyense wa ku Lisasadzi angachitire umboni.

Pa esiteti pali chinthu chimodzi chimene mwana aliyense amakula akuchidziwa: mankhwala a ku nazale. Amabwera kuti apopere mbande za fodya, koma sathera ku nazale ayi. Aliyense amatsanulako pang'ono m'kabotolo ka zakumwa n'kukasomeka kudenga. Nkhuku zikagwidwa utitiri, kabotolo. Chiswe chikalowa m'nsanamira, kabotolo. Nsikidzi zikabwera ndi mlendo, kabotolo komweko. Palibe amene ankawatcha poizoni. Anali mankhwala basi, ndipo mayi wopanda kabotolo ankaoneka ngati wosasamala pakhomo.

Ezelina anakwatiwa msanga. Mwamunayo anapita kukafuna maganyu ku mafamu a ku Zambia, osabweranso, n'kumusiyira kamwana kakakazi, Gladness. Ndiye atamva kuti kampu ya Chiwale ikufuna amayi a m'midzi yoyandikana ndi nkhalango, anamanga chitenje n'kupita. Anamulemba ntchito yochapa ndi kuyala m'matenti ogona alendo.

Woyang'anira kampuyo anali a Moffat, bambo wamtali wa chakumpoto, amene kale anali wa gemu, aja olondera nyama m'nkhalango. Tsiku loyamba sanawaonetse antchito atsopanowo matenti. Anawatengera kuseri kwa chochapira n'kuwauza kuti atsate madzi. Paipi inkachoka pochapira n'kukathira m'dzenje la miyala ndi mchenga. Kuchoka apo madzi ankalowa m'mabango obzalidwa dala, odzaza achule, kenako n'kutsika ndi kangalande mpaka kudziwe limene lili kumunsi kwa khonde lodyerapo alendo. Padziwepo ndi pamene nyama zinkamwa.

"Chimene mwathira kuno," anatero a Moffat, "chimakathera m'mimba mwa njovu."

Malamulo anali ambiri. Sopo ndi wa pakampu yekha. Majumbo saloledwa. Nkhuni sadula, magetsi ndi a dzuwa, njoka ikalowa kukhitchini saipha koma kuinyamula ndi ndodo. Ndipo lalikulu kuposa onse: nyama sathamangitsa, chifukwa malowo ndi ake, anthu ndi amene anabwera. Ezelina anamva zonsezi, ndipo anazisunga kuposa anzake. Koma m'mutu mwake lamulo la paipi linali la sopo. Za kabotolo sanafunse, poti kwawo kabotolo sikanali nkhani yofunsa. Akale anati safunsa anadya phula.

Zinayenda bwino mpaka mwezi wa Okutobala wa chaka chachiwiri, dzuwa lija loswa mtengo. Mzungu wina wamkazi anabwera kudzaonetsa mkono wake uli ndi timadontho tofiira. Nsikidzi. Mwina zinabwera m'chikwama cha mlendo wina, ndani angadziwe. Ezelina anachita monga mwa pakampu: matiresi padzuwa, bedi kulithira madzi owira, masamba a nimu m'makona. Zinasowa, kenako zinabweranso. Ndipo Dyna wa kukhitchini, amene pakamwa pake sipatsekeka, ananena akusenda anyezi kuti nsikidzi zoterezi amazidziwa, ndi za ku esiteti, zimayenda m'mapindiro a chitenje. Anthu anaseka. Iye ankangocheza, koma mawuwo anamulowa Ezelina ngati minga ya mthethe. Tsiku lake lopuma anapita kwawo, anafika pansi pa denga la mayi ake, natsomola kabotolo.

Wina asanene kuti anachita mwadala. Anachita zimene amayi onse a pa esiteti akanachita, kuti dzina la kwawo lisadetsedwe.

M'mawa mwake, a Moffat atatuluka pagalimoto ndi alendo kukaona nyama, anasungunula mankhwala aja m'ndowa. Anatsuka bedi, anapaka m'ming'alu, anaviika nsalu zonse za m'tentimo. Nsikidzi zinayoyoka ngati mapira. Mtima wake unakhala pansi. Anakhuthula ndowa ija pochapira, ndipo poti ndi munthu waukhondo, anatsukuluza nsalu zija kambirimbiri kuti fungo lithe, madzi akungotsika ndi paipi.

Dzuwa lili paliwombo anapita kukayanika pafupi ndi mabango. Anayanika nsalu imodzi, yachiwiri, kenako anaima. China chake chinasowa. Masiku onse akamadutsa pamenepo achule ankalumphira m'madzi, chubwi, chubwi, kutsogolo kwa mapazi ake. Tsiku limenelo kunali zii. Anapatula mabango ndi dzanja. Mimba zoyera zinali zitayang'ana kumwamba, achule aakulu ndi aang'ono, miyendo itatambasuka. Mbululu zinkayandama m'mbali ngati madeya. Fungo la ku nazale linamumenya m'mphuno, fungo la kwawo lenileni, pamalo pamene silinayenera kupezeka.

Adakali chiimire, anaona nantchengwa amene ankamanga chisa chake chachikulu mumkuyu wa pafupi. Mbalameyo inali pansi, ikuyenda ngati woledzera, chule ali kukamwa. Inayesa kutambasula mapiko, inagwa chammbali, n'kumangopalasa fumbi ndi mwendo umodzi. Munthu wokulira kuno safuna kuuzidwa tanthauzo la kupha nantchengwa: ndi tsoka. Ezelina anakhala pansi pomwepo, m'matope.

Choyamba chimene chinamufika m'mutu sichinali njovu. Anali amuna awiri a mudzi wa kutsidya, amene zaka zapitazo anathira poizoni pathamanda kuti apeze minyanga. Iye anawaona ndi maso ake agemu akuwakweza m'galimoto, manja ali kumbuyo. Mpaka nthawi imeneyo anali asanabwerere, ndipo ana awo ankagulitsa nzimbe pamsewu. Ndani akanamvetsa kuti iye ankangofuna kupha nsikidzi? Poizoni m'madzi a nyama ndi poizoni m'madzi a nyama. Anaganiza za Gladness, amene anali atangoyamba kumene sukulu.

Palibe anamuona. Kabotolo kanali m'chiuno mwake, komangidwa m'chitenje, ndipo chimbudzi cha antchito chinali pafupi. Akanakaponyamo, akanapitiriza kuyanika, ndipo achule akanangokhala achule ofa ndi kutentha.

Anathamangira khasu. Anafika pakangalande kaja n'kuyamba kuunda dothi monga aundira mizere ya fodya, kutseka, kuponda ndi mapazi, kutsekanso. Atamaliza anati mwina zatha, mwina mankhwala onse wawagwira kumtunda. Kenako anatsika ndi kangalandeko kuti aone. Dothi lake linali lonyowa mpaka kumapeto. Pamene kamathira m'dziwe, tiana ta milamba tinali titatulutsa milomo pamwamba, tina titatembenuka kale.

Ndipo pamenepo, pamathiriro pomwepo, ndi pamene kamwana ka njovu kankakonda kusewera. Gulu la njovu linkabwera tsiku lililonse dzuwa likapendeka, lotsogozedwa ndi yaikazi yaikulu ya nyanga yothyoka. M'gululo munali kamwana kobadwa m'dzinja lapitalo, kosadziwa ngakhale kugwiritsa chitamba, kamene kankagwada n'kumwa ndi pakamwa pamadzi osaya ozizira aja. Ezelina ankakaonera ali pochapira n'kumaseka yekha. M'mwezi umenewo madambo onse apafupi anali ouma gwa. Zikanabwera basi.

Anamva galimoto ikulowa. Anamva alendo akuseka, mipando ikukokedwa pakhonde, akukonzeka kudikira njovu ndi makamera awo. Iye anali chiimire kuseri kwa mkuyu, kabotolo kakumuotcha m'chiuno. Anayamba ulendo wa kuchimbudzi. Anafika mpaka pakhomo pake. Akuti chimene chinamubweza sanali maganizo abwino aliwonse, koma kuti m'maso mwake munkangobwera kanjovu kaja katagona chammbali, kakupalasa fumbi ndi mwendo umodzi ngati nantchengwa.

Anawapeza a Moffat akusamba m'manja kuseri kwa khitchini. Anagwada. Anangomasula chitenje n'kuika kabotolo pansi patsogolo pawo. Iwo anakatola, anatsegula, ananunkhiza. Nkhope yawo inasintha.

"Wathira kuti, mama?"

"Pochapira, bwana."

"Onse?"

"Atsala omwe mukuwaonawo. Achule afa. Mankhwala afika kudziwe."

Sanamukalipire. Anayang'ana dzuwa, anayang'ana kunjira ya njovu, natenga wailesi yawo yolankhulirana. Agemu anayankha kuti ali kutsidya lina la nkhalango, afika koma mochedwa, ndipo njovu zisalawe madziwo zivute zitani. Ngati njovu yaikulu ikanafa nawo kapena ayi, palibe ankadziwa. Za kamwana kaja palibe anafuna kuyesa.

A Moffat anasonkhanitsa antchito onse, ndipo sanali ambiri. Anati lamulo losathamangitsa nyama lero lithyoledwa, ndipo alithyola ndi iwo. Dalaivala anamutuma kukaimika galimoto panjira ya kumadzulo. Alendo anawapempha kulowa mkati. Otsala anati atole ndowe zouma za njovu, aziphwanye, azisakanize ndi tsabola, monga amachitira anthu a m'malire poteteza chimanga. Moto pa udzu wa Okutobala sayatsa, ndiye makala anawaika m'zidebe zachitsulo. Dyna anatulutsa thumba lonse la tsabola wouma. Podutsa pafupi ndi Ezelina sanamuyang'ane, anangoti chapansipansi, "Iwe, nsikidzi zija ndinkangonena ine." Kenako ananyamula mapoto awiri ndi chipande n'kukaima pachulu.

Utsi unakwera, wowawa, wotsamwitsa. Anayala zidebe m'mbali mwa dziwe kumbali ya kampu, mphepo ikuutengera bwinobwino kunjira ya njovu. Anadikira. Dzuwa linapendeka. Ndiye mphepo, ngati yotumidwa, inatembenuka n'kuyamba kubweza utsi wonse kukhonde. Njira ya njovu inatsala poyera.

Panafunika kunyamula zidebe kuzungulira dziwe, kukaima kutsidya, kufupi ndi kumene zimatulukira. A Moffat ananyamula chimodzi n'kuuza onse kuti asasunthe. Atayenda pang'ono anamva mapazi kumbuyo. Anali Ezelina, chidebe chili kumanja, misozi ya tsabola ili mbwee.

"Bwerera."

"Ndathira ndine, bwana."

Analibe nthawi yokangana naye. Anangomuuza kuti aime kumbuyo kwa phewa lawo, ndipo chilichonse chichitike asathamange.

Anthu osadziwa amaganiza kuti njovu imabwera ndi phokoso. Ayi. Pamene panali mitengo yokhayokha, mwadzidzidzi mtengo wina unagwedeza khutu. Ya nyanga yothyoka inali itaima pomwepo, pafupi moti Ezelina ankaona makwinya a pachitamba ndi ntchentche za m'maso mwake. Kumbuyo kwake kunatuluka ina, ndi ina, phee, ngati nyumba zikuyenda. Ezelina ananyowetsa chitenje ali chiimire, ndipo amanena yekha, sachita nazo manyazi, chifukwa amene angamuseke sanaonepo njovu yaludzu maso ndi maso.

Yaikuluyo inakweza chitamba, inalawa mphepo, inaima. Koma kamwana kaja sikankadziwa za mphepo. Kanaona madzi, kanapinda kamchira, kanadutsa pansi pa mimba ya mayi wake n'kuyamba kuthamangira pamathiriro paja.

Ezelina sakumbukira kuti anaganiza chiyani. A Moffat akuti anangoona munthu wachoka kuphewa kwawo. Anathamangira kutsogolo, pakati pa kanjovuko ndi madzi, akuzunguza chidebe m'mwamba ngati mwana wozunguza chikuni, utsi ukupanga mkombero, makala akuthothokera pamikono yake. Pachulu paja Dyna anayamba kumenya mapoto, dalaivala analiza hutala. Kanjovu kaja kanalowa mu utsi, kanayetsemula, kanaterereka, kanalira mokuwa n'kubwerera.

Kulira kumeneko ndi kumene kunadzutsa mayi wake. Anatambasula makutu, dzuwa linatsekeka. Analira kulira kumene kumamveka m'mafupa osati m'makutu, nabwera. Nthaka inagwedezeka pansi pa mapazi a Ezelina. Miyendo yake inkafuna kuthawa yokha.

"Usathawe." Mawu a Moffat anamveka pafupi ndi khutu lake, otsika, ngati akumuuza za sopo. "Ukathawa wafa. Kweza chidebe."

Anakweza chidebe. Anatsinzina. Anatchula dzina la Gladness. Fumbi ndi timiyala zinamuwaza kumaso, ndipo mpweya wotentha unamupemerera pachifuwa. Anadikira kuti amve mafupa ake akuthyoka.

Atatsegula maso, njovuyo inali itaima, ikupukusa mutu, chitamba itachipinda kuthawa tsabola. Inayang'ana anthu awiriwo nthawi yaitali. Inayang'ananso madzi. Kenako inatembenuka mwaulesi, inakankha kamwana kake ndi mwendo, ndipo gulu lonse linalowa m'mitengo kulunjika kudamu la Lifupa, kutali, ndi ludzu lawo. Ezelina anapitiriza kugwira chidebe m'mwamba mpaka a Moffat anachita kumumasula zala chimodzichimodzi. Chigwiriro chinali chitamuotcha chikhatho, iye osamva.

Zimene ankaopa zija zinabwera ndithu. Agemu anafika, anatenga kabotolo, anatenganso iye. Anakwera galimoto yomwe ija imene anaonera amuna a kutsidya. Ku ofesi anamufunsa mobwerezabwereza kuti anamutuma ndani, minyanga ankafuna kugulitsa kwa yani. Iye ankangoyankha za nsikidzi, ndipo nthawi iliyonse akazitchula ankaona kuti zikumveka ngati bodza la mwana. A Davison anafika atavala jekete lawo lopitira ku okushoni ya fodya, anakhala panja pansi pa mtengo, osadya. Chimene chinamupulumutsa ndi a Moffat, amene analowa n'kunena kuti munthu wofuna minyanga sabweretsa yekha botolo atagwada, ndiponso saima kutsogolo kwa njovu kuti isamwe. Agemu anamuchenjeza mwamphamvu n'kumumasula.

Koma nkhaniyi isakomedwe kuposa mmene inalili. Nantchengwa uja anafa. Nkhanga zingapo zimene zinamwa masana zinapezeka zitauma m'tchire, ndi kamwana ka njiri. Ezelina anazikwirira yekha, mozama, kuti afisi asafukule. Dziwe analitchinga ndi minga, madzi a nyama n'kumapopera pamalo ena, koma njovu chaka chimenecho sizinabwerenso ku Chiwale. Alendo ena amene anamva kuti kulibe njovu anasintha ulendo, ndipo antchito anzake anamuyang'ana ndi diso lofiira kwa nthawi yaitali. Eni kampu anafuna kumuchotsa. Pomaliza anagwirizana zoti m'matenti asalowenso, koma akonze yekha chimene anawononga.

Anazula mabango onse. Anakumba matope a m'dzenje, a m'ngalande ndi a pamathiriro, n'kumawasenza pamutu kukataya kudzenje lakutali limene a Moffat anasonyeza. Anatuta mchenga watsopano, anabzala mabango ena ochokera kudambo. Ntchito ya amuna angapo, anaigwira mayi mmodzi wa chikhatho chopsa, osadandaula. Tsiku lina Dyna anabwera ndi ndowa yake n'kuyamba kusenza nawo. A Moffat nawo anawonjezera pa zimene amauza antchito atsopano: masiku ano akafika pa paipi paja amatulutsa kabotolo kopanda kanthu n'kufunsa kuti ndani ali nako kotere kwawo. Manja amakwera pafupifupi onse.

Mabango anaphuka, koma munali zii. Mvula yoyamba inagwa, zii. Ezelina ankapita m'mawa uliwonse kukasuzumira, n'kubwerako nkhope ili pansi, akuti mwina malowo anawatemberera mpaka kale. Ndiye tsiku lina chakumapeto kwa Disembala anthu akumwa tiyi anangoona munthu akuthamanga kuchokera kumabango, mpango utagwa, akufuula kuti chule, chule, ndaona chule. Ndi Dyna amene anayamba kumutchula Nachule, ndipo linakhala.

Njovu zinabwerera chilimwe chotsatira. Ya nyanga yothyoka inaima nthawi yaitali m'mphepete mwa mitengo, chitamba chili m'mwamba, isanalole kuti gulu litsike. Ezelina anali atabwezeredwa pochapira. Ataiona anakhala pansi kuseri kwa thanki, ndipo mpaka lero ikafika iye sayang'ana. Kwawo anachotsa kabotolo kena kamene mayi ake anasomekanso kudenga, anayambana nawo sabata yathunthu, ndipo amayi ena a pa esiteti amati wayamba kunyada poti amagwira kwa azungu. Anene. Iwo sanakwirirepo nantchengwa.

Gladness tsopano ali m'makalasi apamwamba, ndipo amayi ake amagona kunyumba, osati kundende. Chipsera cha m'chikhatho chilipobe. M'mawa uliwonse, asanatsegule mpopi wa pochapira, Ezelina amayamba wapita kumabango. Amaima m'mbali, amaponda pansi kamodzi ndi chidendene, n'kudikira mtima uli m'mwamba. Akamva chubwi, amabwerera kukayamba kuchapa.